Ng'ombe za Lestina

Pa famu ya fodya ija ya kufupi ndi Sipolilo, anthu a pakomboni ankati Lazalo ali ndi amayi awiri: mmodzi wagona kumanda a kuseri kwa mabalani, wina ndi uyo akusankha fodya m'shedi. Wachiwiriyo anali mlongo wake, Lestina. Ndiye anamubereka kumbuyo pa lole ya Ulere pamene banja lawo linkachoka ku Dedza kudzafuna ntchito kuno ku Rodeshiya, ndipo makolo atatha onse awiri, ndiye anakalembetsa ntchito kwa mzungu kuti phoso lisaleke kulowa m'nyumba.

Atsibweni awo, amene akanakhala mwini mbumba, anatsala ku Dedza ndipo sanamvekenso. Choncho Lazalo atangomera tindevu, udindo unagwera iye, kukhala nkhoswe ya mlongo amene anamupukuta mamina. Lestina ankamuseka nazo. Akamuikira madzi kubafa ankagwada mokokomeza, maso pansi, n'kunena kuti atsibweni a ana ake akasambe, angakanunkhe thukuta pa milandu. Anawo kunalibe, koma njira yawo inkaoneka. Panali Nason, mnyamata wa ku Dowa wosonkha moto m'mabalani, amene Lamlungu masana ankaimba ng'oma ku gule pamene ena akuchokera kutchalitchi. Nason anali atayamba kuunjika mitengo ndi udzu pambali pa nyumba ya Lazalo, monga amachitira mkamwini kwawo: mwamuna amatsata mkazi, amamanga pomwe pali abale a mkaziyo, ndipo ana amakhala a kuchikazi.

Zikanatha choncho pakanapanda Idah.

Idah anali mwana wa foromani wa pafamupo, Mshona wa kuluzevha, kutsidya kwa waya kumene boma linaunjika eni dziko. Ntchito yake inali kumanga masamba a fodya pa ndodo, ndipo ya Lazalo inali kunyamula ndodozo kukazipachika m'balani. Idah ankamutcha Mubulantaya, monga Ashona ankatchulira anthu a ku Nyasalande. Lazalo ankayankha kuti Bulantaya sanamuonepo n'kutulo komwe, ndipo Idah ankati ndiye zafika poipa, munthu wosadziwa n'kwawo komwe. Ankaseka Chishona chake chopindika, kenako n'kumuwongola mawu amodziamodzi, manja ake akuda ndi utomoni wa fodya akuthamanga pa chingwe osayang'anapo. Pofika nthawi yoti mabalani azizire, Lazalo anali atadziwa Chishona chokwanira kunena chimene chinali mumtima mwake, ndipo Idah anali ataleka kuseka.

Foromani sanamuthamangitse. Anamukhazika pa mpando, anamupatsa maheu, n'kumufunsa mwaulemu mafunso amene amapweteka kuposa ndodo. Mudzi wanu uli kuti? Khola la bambo ako lili kuti? Lazalo anafotokoza kuti kwawo salowola, mwamuna amalipira ndi manja ake, kulima ndi kumanga. Foromani anati manja a Lazalo ndi a mzungu kale, sangagulitsidwe kawiri. Kenako anapukuta pakamwa n'kumuyang'ana ngati amumvera chisoni.

"Koma uli ndi mlongo," anatero. "Kwathu kuno mnyamata amene ali ndi mlongo si mmphawi. Ng'ombe zimene zimalowa chifukwa cha mlongo ndi zomwe zimatuluka kukatenga mkazi."

Anali atamuganizira kale munthu. Zaka zimenezo za Chitaganya boma linali litalamula kuti anthu a kuluzevha achepetse ng'ombe, ndipo zotsala pa chiwerengero zinkagulitsidwa pa mtengo wachipongwe. Kunali mkulu wina, a Mukanya, amene khola lawo linadzaza kuposa lamulo. M'malo moti azipereke kwa azungu, anaona kuti ndi bwino atengere mkazi wachiwiri. Anali atamuonapo Lestina kusitolo, ndipo anamva kuti akazi a ku Nyasalande ndi olimba pa khasu.

Lazalo anakana, ndipo anapita kunyumba akudzimva kuti ndi munthu. Sanamuuze kanthu Lestina. Koma nkhani ya pakomboni imayenda ndi utsi, imalowa nyumba iliyonse. Lazalo anayamba kuwonda. Chakudya ankangochigwiragwira. Kenako kunamveka kuti wapolisi wina wa ku Sipolilo watumiza anthu kwa foromani kudzafunsira Idah, ndipo Idah anayamba kubwera kuntchito maso ali ofiira.

Tsiku lina chitsulo cha masana chitalira, Lestina anamupeza atakhala yekha pansi pa mtengo wa msasa. Anakhala pambali pake n'kuyamba kukwatula utomoni m'zala zake.

"Laza, ndinakuchotsa ku Dedza uli kumsana kuti udzafere mwana wa foromani?"

Lazalo anati iwo sagulitsa anthu. Lestina anafunsa kuti ndani wanena zogulitsa, iye akunena zokwatiwa, ndipo mkazi aliyense amakwatiwa kwinakwake. Anati nyumba ya njerwa yofolera malata sanagonemo chibadwire, mwina nayenso akufuna kumva mvula ikulira padenga. Ankanena akumwetulira, koma maso ake anali kumabalani kumene utsi wa Nason unkakwera.

Apa ndi pamene mlongo weniweni akanakalipa. Akanaimirira, akanamenya mtengo ndi chibakera, akanati nkhani imeneyi ithere pompano. Lazalo anati ayi, koma inali ayi yofewa, yotsegula chitseko. Lestina anamulera, ankadziwa ayi zake zonse.

"Zikakakuvutani, achemwali, mudzangobwerako," anatero Lazalo pamapeto pake. "Nkhoswe yanu ndine. Ukwati ukatha, mkazi amabwerera kwa mlongo wake ndi ana ake. Khomo ili ndi lanu."

Ankakhulupirira zimene ankanenazo. Ankaganiza za ukwati monga anauonera kwa anthu a kwawo, chinthu chimene ankhoswe amamanga ndi mawu n'kuchimasulanso ndi mawu. Ng'ombe ankaziyesa mphatso, ngati nkhuku ya pachinkhoswe imene ikadyedwa yadyedwa.

Nason sanakangane ndi munthu. Anatuta mitengo yake ija umodziumodzi kupita nayo kubalani n'kuisonkhera pamoto. Atakumana ndi Lazalo panjira anangoti, "Alamu, fodya wa chaka chino apsa bwino," ndipo aka kanali komaliza kumutchula alamu. Mwezi utatha anatenga chitupa chake n'kupita ku mafamu a ku Norton.

Ng'ombezo Lazalo sanazikhudze n'komwe. Wantchito wa pafamu sankaloledwa kuweta pa malo a mzungu, choncho zinachoka m'khola la a Mukanya n'kulunjika kumudzi kwa foromani, kudutsa m'mbali mwa waya. Anamuitana kuti adzazione zikudutsa. Anaona fumbi ndi michira, ndi ng'ombe ina yofiira yothyoka nyanga imodzi imene inaima n'kumuyang'ana ikubzikula. Sizinakhalitsenso kwa foromani, chifukwa mwana wake wamwamuna anali akudikira kale kuti akalowolere mkazi kwina. Ng'ombe zomwezo zinamanga maukwati atatu osagona pakhomo pa Mchewa ngakhale kamodzi.

Tsiku limene Lestina ankanyamuka, Idah anagwada pamaso pake n'kuomba m'manja mwa Chishona. Anati kuyambira lero Lestina ndiye mwamuna wake weniweni, pakuti ndi ng'ombe zake zamulowetsa m'nyumbamo, ndipo Lazalo ndi wongosungira. Anthu anaseka, Lazalo anaseka kwambiri kuposa onse. Idah yekha sanaseke, chifukwa sinali nthabwala.

Tisamunamizire Idah. Anali mkazi wabwino, ndipo Lazalo anakondwa naye monga sanakondwerepo. Anazira nyumba ndi dothi lofiira, anadzala maungu kuseri, anaphunzira Chichewa mpaka kumatukana nacho ana osewera pa dimba lake. Lazalo ananenepa. Za Lestina ankamva kwa anthu opita kuchigayo, ndipo onse ankati ali bwino, akupereka moni. Ulendo wa kwa a Mukanya unali wa tsiku limodzi wapansi. Lazalo ankati adzapita fodya akadzalidwa, kenako akathyoledwa, kenako akasankhidwa. Fodya sapatsa munthu mpata, makamaka munthu amene sakuufuna mpatawo.

Mvula inagwa kawiri. Yachitatu ili pakati, Lazalo pochokera kumunda anapeza mayi atakhala pakhonde pake, mwana kumsana, mapazi otupa ali ndi matope mpaka m'maondo. Anatsala pang'ono kumufunsa kuti akufuna ndani. Mayiyo anamasula nsalu, n'kumupatsa kamwana kakakazi kamene kanali katangoyamba kuima.

"Atsibweni, mbumba yanu yafika. Dzina lake ndi Duwa."

Mawu anali omwe aja, koma ankatuluka ndi chifuwa chimene chinkamupinda pakati. Nkhani yake anainena pang'onopang'ono, masiku angapo, ngati munthu wochotsa minga kuphazi. Nyumba ya malata inalipodi, koma inali ya mkazi wamkulu. Iye anaikidwa m'kanyumba kosungiramo makasu. Munda wonse unali wake kulima, nkhokwe inali ya wina kutsegula. Dzina lake palibe amene ankalitchula, anali mubwidi, mlendo wopanda mudzi, amene ngakhale atamenyedwa palibe mlongo amene angabwere kudzafunsa. A Mukanya sanali chilombo, anatero Lestina, anali munthu amene anapereka ng'ombe ndipo ankafuna kuona ntchito yake. Lestina atayamba kutsokomola magazi, a Mukanya anati ndi ulesi wa ku Nyasalande.

Lazalo anamva manyazi, koma pansi pa manyaziwo panali chimwemwe. Tsopano akanachita chimene analonjeza. Ananyamula Duwa paphewa n'kuzungulira naye komboni yonse, kuuza aliyense kuti uyu ndi mphwake, wadzakhala. Anayamba kuyang'ana malo omanga nyumba ina, pomwe paja panali mitengo ya Nason.

Idah, amene anali ndi pakati pooneka, anatenthetsa madzi n'kusambitsa mapazi a Lestina ndi manja ake. Anamuphera nkhuku, anamupatsa bulangete lake latsopano. Koma Lazalo anamupeza kuseri kwa nyumba, pakati pa maungu, akulira mosatulutsa mawu. Atamufunsa, Idah anamuyang'ana modabwa, ngati munthu amene wazindikira kuti mnzake woyenda naye sakudziwa kumene njira ikupita.

Foromani ndiye anamufotokozera, mwaulemu womwe uja, pa mpando womwe uja. Mthenga wa a Mukanya anali atafika kale. Mkazi akathawa, ng'ombe zimabwerera. Mwana ndi wa bambo ake, zimenezo n'zosakambirana. Ng'ombezo zili m'khola la eni ena tsopano, ndipo zina zinaswa, zina zinafa. A Mukanya akazifuna kwa Lazalo, Lazalo adzazifuna kwa foromani, ndipo foromani alibe kochitira koma kutenga mwana wake Idah, pamodzi ndi chimene chili m'mimba, kuti akapeze ng'ombe kwa mwamuna wina. Maukwati awiriwa anamangidwa ndi chingwe chimodzi. Ukamasula kuno, kwamasuka uko.

Lazalo anati sanauzidwe. Foromani anati ngakhale mwana woweta mbuzi amazidziwa, sankaganiza kuti pali munthu wamkulu wofunika kuuzidwa.

Lazalo anayesa kwa akuluakulu a pakomboni. Anamumvera, anapukusa mitu, anati ankaona kuyambira pachiyambi kuti nkhani ya ng'ombe idzabala misozi, koma mwini mbumba anali iye. Anayesa kwa mzungu, amene anamuuza ali pa thalakitala kuti nkhani za akazi azikambirana Lamlungu. Masiku amenewo Lazalo ankalowa m'nyumba n'kupeza akazi awiri amene ankawakonda atakhala pamphasa imodzi, wina akupeta, wina akuyamwitsa, akulankhulana mofatsa, ndipo onse ankasiya kulankhula iye akalowa.

M'mawa wina, chitsulo cha ntchito chisanalire, anapeza Lestina akumanga kamtolo kake. Mthenga wa a Mukanya anali ataima patali pansi pa msasa, akusuta. Idah anatuluka m'nyumba, anagwada movutikira chifukwa cha mimba, n'kugwira mtolowo.

"Vatete, khalani," anatero, kumutchula ndi dzina la ulemu limene kwawo amatchulira mlongo wa mwamuna. "Ine kwathu ndi pafupi, ndili ndi amayi, ndili ndi alongo. Inu mukabwerera uko mukafa."

Lestina anamusisita pamutu. Anatembenukira kwa mlongo wake. Nkhope yake inalibe mkwiyo, inalibe ngakhale pempho. Anangofunsa monga ankamufunsira kale ngati wakhuta.

"Laza, ndikhale?"

Liwu limodzi linali lokwanira. Lazalo analimva likukwera kukhosi. Anayang'ana dzanja la Idah pa mtolo, mimba yake, dothi lofiira la pakhoma. Anayang'ana mapazi a Lestina amene anali atangoyamba kuphwa. Chibale ndi fupa, amatero akuluakulu, sichiola. Sananene kuti fupa limathyoka, ndipo limathyoka mwakachetechete.

"Mungopita kaye, achemwali," anatero. "Fodya akangogulitsidwa ndidzabwera, tidzakambirane bwinobwino."

Lestina anamwetulira. Anagwada mokokomeza monga kale, maso pansi, ngakhale podzuka anachita kugwira khoma.

"Ndamva, atsibweni."

Anabereka Duwa n'kutsata mthenga uja. Chitsulo chinalira, ndipo Lazalo anapita kukapachika fodya.

Fodya asanathe n'kusankhidwa komwe, mthenga yemweyo anabweranso ndi uthenga wa maliro a Lestina. Ulendo uno analankhula ndi Lazalo mwaulemu waukulu, chipewa chili m'manja. Kwa a Mukanya mkazi wokwatiwa saikidwa m'manda ndi anthu a mwamuna okha. Pamafunika wa magazi ake kuti aloze malo n'kutema khasu loyamba, apo ayi mzimu wake umavutitsa mudzi. Ankamudikira, ndipo sakanachita kanthu iye asanafike.

Choncho Lazalo anayenda ulendo uja wa tsiku limodzi. Sunali wautali. Anafika dzuwa likadalipo. Anamulandira ndi kuomba m'manja, anamukhazika pa mpando wabwino, amuna a imvi anamutcha mwini wa malemu. Anthu amene ankati Lestina alibe mlongo tsopano ankanong'onezana kuti mlongo wake wafika, asakhumudwitsidwe. Anamupatsa khasu. Analoza pambali pa chulu, n'kutema. Nthaka inali yofewa ndi mvula, khasu linalowa mosavuta.

Maliro atatha anamusonkhanitsira zinthu za mlongo wake, pakuti zimenezo zimabwerera kwa abale: miphika iwiri, nsalu, bulangete lija la Idah. Anapempha Duwa. Anafotokoza, m'Chishona chimene Idah anamuphunzitsa, kuti kwawo mwana wa mlongo ndi wa atsibweni ake. A Mukanya anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyankha mosakweza mawu kuti miphika ndi yake, koma mwana anabadwira ng'ombe. Duwa anali atagwira nsalu ya mkazi wamkulu, chala m'kamwa. Lazalo atatambasula manja, mwanayo anabisala.

Pobwerera, mtolo uli pamutu ngati mayi, anadutsa pa dibi pomwe anthu a midzi yozungulira ankasambitsa ziweto zawo. Anaima kuti gulu lina lidutse. Pakati pake panali ng'ombe yofiira yothyoka nyanga imodzi, yonenepa, chikopa chikunyezimira ndi madzi. Kumbuyo kwake kunkathamanga kamwana kake, kakugunda bere ndi mphuno. Mnyamata woweta sankadziwa kuti ng'ombeyo inachokera kuti, anati ndi ya bambo ake basi. Lazalo anaziyang'ana mpaka zinalowa m'tchire, mayi patsogolo, mwana pambuyo, popanda woletsa.

Kunyumba anapeza Idah atachira, mwana wamkazi ali pamphasa. Idah anaona bulangete lake pa mtolo. Patapita masiku anati akufuna mwanayo atchedwe Lestina, chifukwa ndi mwana wa ng'ombe zake. Lazalo anavomera ndi mutu.

Sanamumenyepo Idah, sanamukalipirepo. Phoso ankabwera nalo lonse, denga likadontha ankafolera. Anthu a pakomboni ankati ndi banja lachitsanzo, losamveka phokoso. Koma dzina lija la Mubulantaya silinamvekenso m'nyumbamo, ndipo mwanayo Lazalo ankangomutcha iwe. Madzulo Idah ankamuikira madzi kubafa, n'kubwera kudzagwada pakhomo kumuuza kuti madzi akonzeka. Ankagwada bwino, mwaulemu, mosakokomeza. Lazalo ankayang'ana kumbali mpaka atadzuka.